Makina Amene Anagwira Chijasi cha Bambo

Bambo anga anali ndi chijasi chimene anabwera nacho kuchokera kunkhondo ya ku Abisiniya. Chinali cholemera, chofika m'misongolo, cha mabatani achitsulo, ndipo mtundu wake weniweni unali utaiwalika kalekale. Kale ankachivula akamalima, n'kuchikoleka pamtengo wa mango. Koma nthawi imene ndikunenayi, patangopita zaka zochepa chilandirireni ufulu, anali atasiyiratu kuchivula. Ankalima nacho, ankadya nacho, ankagona nacho, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Pakhosi pankangooneka kolala ya malaya, yoyera bwino, batani lili m'malo. Ine ndinkati ndi ukalamba, chifukwa munthu akamakula amasankha chinthu chimodzi choumirira.

Tinkakhala ku Malemia, ine ndi iwo. Mayi anali atatisiya, ndipo mwamuna wanga anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Ntchito zonse za pakhomo zinali zanga kupatula imodzi: zovala zawo bambo ankachapa okha kumtsinje. Ankati msilikali sachapiridwa.

Chimene chinkatidyetsa, kuwonjezera pa kadimba ka mpunga, chinali singano yanga. Ndinkasoka zofunda za zigamba. Ndinkatola tizidutswa ta nsalu kwa atelala a pamakhonde a sitolo ku Domasi, n'kutilumikiza kamodzikamodzi, pakati n'kuika bulangeti lakutha kapena masaka otsuka, kenako n'kusoka zonse pamodzi. Aphunzitsi a kukoleji ankazikonda, makamaka ochokera kumadera otentha amene ankalira ndi mphepo yotsika m'phiri la Zomba. Atelala ataona kuti zinyalala zawo zikusanduka ndiwo pakhomo panga, anayamba kuumira. Koma chodabwitsa, dengu langa la zidutswa silinaume. Ndinkapezamo zidutswa zabwino, zina za khaki, zina zoyera za mizere yabuluu, zodulidwa mwaukhondo. Ndinaganiza kuti ndi azimayi a kutchalitchi, ndipo Lamlungu lina ndinawathokoza onse pamodzi. Anandiyankha kuti si kanthu, tonse ndife amodzi. Kwathu kuno munthu sakana zikomo, ngakhale asakudziwa chimene wachita.

Vuto linali chifuwa cha bambo. M'nyengo yozizira ya chaka chapitacho anatsokomola mpaka ndinayamba kuganiza za nyimbo za pamaliro. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mosabisa kuti chiperoni china chikawapeza akugona m'chijasi chobookabooka, mapazi ali pamtetete, ndisadzadabwe. Inu mungafunse kuti nanga wosoka zofunda amalephera bwanji kufunditsa bambo ake? Ndinkayesa. Koma pamanja chofunda chimodzi chinkandidyera mwezi, ndipo chikangotha bambo ankachinyamula okha n'kukachipereka kwa aphunzitsi amene anachiitanitsa.

"Gulitsa, mwana wanga. Ine ndili ndi chijasi," ankatero.

Ndinaona kuti njira ndi imodzi: kusoka msanga kuposa mmene iwo angagulitsire. Ndinagulitsa mpunga ndi mbuzi yathu imodzi ija, ndalama n'kumanga pakansalu m'chiuno. Zinali zokwanira makina amodzi otsika mtengo, kamodzi kokha. Ndikanalakwitsa kusankha, panalibenso mbuzi ina yogulitsa. Ndipo uwu unali mwezi wa Meyi, m'mawa udzu utayamba kale kuluma mapazi.

Nditawauza, bambo anavomera msanga, ndipo pamenepo ndinayenera kuchita mantha.

"Makina osokera malaya a ana ndi ena, a zofunda ndi ena," anatero. "Ako ayenera kuboola nsalu zosanjikiza. Ku usilikali mfuti sitinkalandira tisanaiombe. Tiwayesa pa chijasi ichi. Amene aboole ichi, aboola chilichonse."

Nzeru inali yabwino, sindikana. Chimene sindinafunse n'chakuti pa nthawi yoyesayo mwini chijasi adzakhala ali kuti.

Tinayambira ku Domasi kwa telala wina wachikulire, Msilamu waulemu wake, amene ankagulitsa makina ake akale opalasa ndi mapazi. Anatilandira bwino, anamva nkhani yathu, n'kutambasula dzanja.

"Chabwino achimwene, vulani tione."

"Sokani ndili momwemo," bambo anayankha.

Telala uja anayang'ana ine, ine ndinayang'ana nkhuku imene inkadutsa. Bambo anagwada pambali pa makina, anakweza m'mphepete mwa chijasi n'kuika okha pansi pa singano, ngati munthu wopereka chala kwa namwino. Telala anatchula dzina la Mulungu n'kupalasa. Singano inathyoka. Anaika ina, inathyokanso, kachidutswa kake n'kukagwera m'lichero la mayi wogulitsa zitumbuwa. Atatero anavundikira makina ake ndi nsalu, n'kuwasisita pamsana.

"Ndasintha maganizo, sindigulitsanso," anatero. "Makina awa andilerera ana. Sindingawatumize kunkhondo atakalamba."

Tsiku lotsatira tinapita ku Naisi, kumene mkazi wa aphunzitsi ena ankagulitsa makina opukusa ndi dzanja. Nyumba yake inali yoti ukalowamo umayamba wayang'ana mapazi ako. Makina anali patebulo, pansalu yoyera yopetedwa maluwa ofiira, ndipo pambali pake anatiikira tiyi m'makapu a dothi. Bambo anakhala pampando, anapereka m'mphepete mwa chijasi, mayi uja n'kupukusa. Singano inalowa, inatuluka, inalowanso, msoko n'kuyenda bwinobwino mpaka kutulukira kuseri. Mtima wanga unati myaa, ndinayamba kufunafuna mfundo ya kansalu m'chiuno.

"Awa apambana!" bambo anatero, n'kuimirira mwausilikali.

Nsalu ya patebulo inaimirira nawo. Ngodya yake inali itapindikira pansi pa chijasi, ndipo zonse zinasokedwa pamodzi. Makapu anagwa, tiyi anayenderera mpaka pakhomo, mphaka anatulukira pawindo. Mayi uja anabwera ndi sizasi, koma bambo anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti chitsulo chisayandikire chijasi chawo. Mapeto ake mayi wa eni anadula nsalu yake yomwe, akulira. Tinatuluka m'nyumbamo popanda makina, bambo akuyenda patsogolo, duwa lofiira likulendewera kumunsi kwa chijasi.

Kunatsala ku Zomba, kusitolo ya Mmwenye yogulitsa makina atsopano. Tisanakwere basi ndinawachonderera.

"Ababa, lero muvule. Kwa kanthawi kochepa chabe. Muli ndi malaya m'katimo, palibe amene akusekeni."

"Tikaona konko," anatero, akukonza kolala.

M'sitolomo munali makina a mitundu itatu. Oyamba anali amagetsi, ndipo amenewo ndinangowapatsa moni n'kudutsa, poti kwathu magetsi tinkawaona kumwamba mvula ikamabwera. Achiwiri anali opalasa, akuda, onyezimira, okhala pa tebulo lawolawo la miyendo yachitsulo. Mtengo wake nditaumva ndinaseka ndekha. Achitatu anali aang'ono, opukusa ndi dzanja, ndipo ndi okhawo amene kansalu kanga kakanakwanitsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinawaloza, mwini sitolo n'kuyamba kuwapukuta fumbi.

"Kamwana aka?" bambo anatero. "Ayi bwana, pa perete timayamba ndi wamkulu. Yesani awo."

Mwini sitolo, poona mpata wogulitsa zodula, anavomera. Sanadabwe n'komwe atamva kuti chijasi chiyesedwa mwini wake ali momwemo. Ndikhulupirira kuti pa kauntala paja anali ataona zambiri. Anakokera bambo kampando, anaika ulusi, n'kuyamba kupalasa. Makina aja ankaimba, anthu inu. Ankadya chijasi ngati akudya thonje. Bambo ankagwedeza mutu mokhutira. Kenako singano inafika pamsoko waukulu wa m'mbali, pomwe panalinso duwa lija la ku Naisi, ndipo tinangomva kuti gwa! Gudumu linaima. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Singano inali itapindikira m'kati, ndipo mwini sitolo atasuzumira kunsi anapeza ulusi utapotana ngati chisa cha mbalame.

Anathira mafuta. Anagogoda. Anatukwana m'chinenero chakwawo. Pomaliza anapukuta thukuta n'kunena kuti njira zilipo ziwiri.

"Madala, mwina tidule pang'ono chijasichi, kapena muchivule chitsale kuno. Makaniko amabwera kuchokera ku Limbe kumapeto kwa mwezi."

"Chijasi ichi Mataliyana anachilephera," bambo anayankha. "Sichidulidwa, sichivulidwa."

"Ndiye titani?"

"Ndimudikira makanikoyo."

Anapisa m'thumba, anatulutsa mtedza, n'kuyamba kuswa.

Tinakhala m'sitolomo tsiku lonse. Anthu obwera kudzagula sopo ndi palafini ankaiwala zimene abwerera. Ena ankatuluka n'kukaitana anzawo. Mayi wina wonenepa anazungulira makina aja kawiri, n'kufunsa mwini sitolo ngati agogowo akuwerengedwa pamtengo womwewo kapena ndi apadera. Bambo anamuyankha okha kuti iwo ndi abasela. Anthu anaseka chikhakhali, ine ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Nthawi yotseka itayandikira, mwini sitolo anaima patsogolo pa bambo kwa kanthawi, akuyang'ana makoko a mtedza amene anali ataunjikana pansi. Kenako anatenga sipanala, anachotsa lamba, n'kumasula mutu wa makina patebulo lake.

"Mayi, muli ndi zingati?"

Ndinamasula kansalu. Anayang'ana ndalamazo, anayang'ana bambo, n'kupuma mozama.

"Bweretsani. Tengani mutuwu, tebulo litsala. Ndipo chonde, madalawa asadzabwerenso kudzayesa china chilichonse muno."

Umu ndi mmene ndinasankhira makina anga. Ndinagula mutu wa makina opalasa wopanda chopalasira, wopanda chopukusira, wosazungulira, wolumikizidwa kwa bambo anga. Mbuzi inapita, mpunga unapita. Panja pa sitolo ndinalira, ndipo sikunali kulira kwachisoni ayi, kunali kwa ukali. Bambo anaima pambali panga atafungatira makinawo ngati mwana wa eni.

Pa basi panabuka mlandu wina. Kondakitala anati katundu wolemera chotero amakwera pamwamba. Bambo anati palibe vuto, akwera naye. Kondakitala anati anthu sakwera pamwamba. Bambo anati ndiye katunduyo alowe. Basi yonse inagawikana, ena akuti nkhalambayo tsopano ndi katundu, ena akuti makinawo tsopano ndi munthu. Dalaivala, amene ankafuna kukafika ku Liwonde kusanade, ndi amene anagamula: makina adulidwe tikiti ya mwana ndipo akhale pamiyendo. Mayi wina wachifundo anandilipirira, akuti sanasekepo chotero chimwalirireni apongozi ake.

Titatsika, kuchokera pamsewu kukafika kunyumba sipatali, koma tsiku limenelo panatalika. Ndikanawasenza ine makinawo, chijasi chikanakwera m'mwamba, ndipo bambo sanafune kumva zimenezo. Anawanyamula okha. Ankayenda pang'ono n'kukhala pamwala, kutsokomola, kudzukanso. Ukali wanga unayamba kusanganikirana ndi mantha, chifukwa kunali kutayamba kuzizira ndipo ndinkamva mmene mpweya unkalirira m'chifuwa mwawo.

Masiku otsatirawo bambo anakhala moyo wa anthu awiri. Pogona makina ankagona pamphasa pambali pawo. Kuchimbudzi ankapita nawo. Kudimba analeka. Ana a m'mudzi ankawatsata kulikonse, ndipo anthu odutsa ankapereka moni kawiri. Lamlungu ndinawapempha kuti akhale pakhomo, koma iwo anati chibwerereni kunkhondo sanajombepo kutchalitchi. Makina anakhala pabenchi kumbali ya azibambo. Nyimbo iliyonse ikayamba, mpingo n'kuimirira, bambo ankayamba awakweza kaye pachifuwa. Tsoka silinunkha: linali tsiku la chopereka cha masika, anthu atabweretsa chimanga, mpunga ndi nkhuku. Mkulu wa mpingo ataona makina onyezimira, nkhope yake inawala, ndipo anayamba kuthokoza Mulungu pamaso pa onse chifukwa cha mtima wopatsa wa msilikali wakaleyu. Anyamata awiri anabwera kudzanyamula choperekacho. Anachikoka, bambo n'kubwera nacho limodzi mpaka kutsogolo. Mkulu uja anayang'ana bwino, anatsokomola, n'kulengeza nyimbo ina.

Anthu anaseka sabata yonse. Ine ndinali nditasiya kuseka, chifukwa mitambo inali itayamba kukhala paphiri osachoka, chizindikiro chakuti chiperoni chili pakhomo, ndipo ndinalibe chofunda, ndinalibe ndalama, ndinalibe makina oyenda.

M'mawa wina kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga, ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pansi m'matope, makina ali pamiyendo. Anali atalephera kudzuka.

"Ndikupuma chabe," anatero, milomo ili gwagwagwa.

Pamenepo mtima unandiphulika. Ndinawalankhula mmene mwana sayenera kulankhulira kholo.

"Ababa, mukufuna mufere chijasi? Muli chiyani m'menemo, golide? Mbuzi yapita, anthu akutiseka, inu mukuzizidwa m'matope chifukwa cha chisanza! Ndikuikeni m'manda ndi makina omwe?"

Ndinawadzutsa, ine kunyamula makina m'munsi, iwo kutsamira paphewa langa, mpaka tinalowa m'nyumba. Atakhala pamphasa anati, "Tseka chitseko."

Ndinatseka. Anayamba kumasula mabatani achitsulo aja, limodzi limodzi, zala zikukanika. Chijasi chinatseguka n'kugwera kumbuyo.

M'katimo munalibe malaya. Munali kolala yokha, yoyera ya mizere yabuluu, ndi kansalu kakang'ono kolendewera pachifuwa, kokwanira kuonekera pakhosi pa chijasi. Kwina konse linali thupi lokha, nthiti zoti ungawerenge uli pakhomo.

Mizere yabuluu ija ndinaizindikira nthawi yomweyo. Ndinali nditaigwira ndi zala zangazi, kuilumikiza ndi zigamba zina, n'kuthokoza azimayi a kutchalitchi.

"Atelala aja atayamba kukumana zidutswa, ndinkakuona ukupendeketsa dengu," anatero akuyang'ana pansi. "Ndinati malaya a khaki ndi akale, ndiyambe ndi amenewo. Kenako enawo. Awa a Lamlungu ndinayamba ndi mikono, poti sioneka. Kenako msana." Anakhudza kolala ija. "Apa ndinasiya. Munthu sangapite kutchalitchi ngati wosauka."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kuwakalipiranso, koma chimene chinatuluka ndi misozi. Chaka chathunthu bambo anga ankagona chifuwa chili pamtunda m'chijasi chobooka, pamene aphunzitsi a kukoleji ankafunda malaya awo n'kumayamikira kutentha. Ndipo ankanyamula okha kukapereka. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa m'mapewa. Anachilandira osatsutsa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zonse.

Chijasi chitakhala chopanda munthu, ntchito inali yochepa. Ndinagadabuza makina pamphasa, ndinadula chisa cha ulusi chija ndi lezala kuchokera kunsi, ndinamasula singano yopindikayo, gudumu n'kuyamba kuzungulira ngati silinalakwepo. Chijasi sichinang'ambike ngakhale pang'ono. Ndinachipinda n'kuwapatsa. Iwo anachigwira kanthawi, anachinunkhiza, n'kuchikankhira kwa ine.

"Dula," anatero. "Chiike pakati. Chimatentha, koma chimafuna chothandizana nacho."

Ndinapita kwa telala wa ku Domasi uja kukapempha singano yaikulu. Anandipatsa ziwiri, n'kutulutsanso thumba lathunthu la zidutswa pansi pa tebulo lake, osafunsa kanthu. Mwina nkhope yanga inali itanena kale. Popeza makina analibe chopukusira, bambo ndi amene anakhala chopukusira. Ankakhala kudzanja lamanja atafunda chitenje changa, chala chili m'gudumu, n'kumazunguza pang'onopang'ono, ine ndikuwongolera nsalu. Tikafika pamsoko wolimba ankalamula okha kuti, "Ima! Pang'onopang'ono, patsogolo!" ndipo singano inkadutsa. Kunja chiperoni chinkawaza, ife tili m'nyumba, msilikali wa chitenje cha maluwa ndi mwana wake wamkamwa. Duwa lofiira la ku Naisi ndinaliika pakati penipeni.

Chofundacho chitatsala pang'ono kutha, ndinaona bambo akuchiyeza ndi maso, ndipo ndinadziwa chimene chinali m'mutu mwawo: panali aphunzitsi ena amene anali ataitanitsa kale. Ndinawapempha kolala ija. Ndinaisokerera m'mphepete chakumutu, pakati, molimba, batani lake lili pomwepo. Palibe mphunzitsi amene akanagula chofunda cha kolala.

Atagona n'kuchikoka, kolala inafika pakhosi ndendende. Anaipapasa, anamanga batani, anawongola miyendo mpaka mapazi anabisika.

"Ichi sichigulitsidwa," ndinatero.

"Ndani angagulitse malaya atavala?" anayankha.

Chiperoni cha chaka chimenecho chinawapeza ali m'menemo, ndipo chinadutsa n'kuwasiya. Chinadutsanso cha chaka chotsatira, ndi china. Malaya ndinawasokera atsopano makina atapeza miyendo kwa kalipentala, koma chofunda chija sanasiyane nacho. Ankakhala nacho pakhonde ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, ndipo alendo ankapatsa moni munthu wa kolala ziwiri. Tsiku limene anatisiya kunali kotentha kwambiri. Azimayi obwera kudzathandiza anafuna kuchichotsa, koma anapeza batani lili lomanga pakhosi, ndipo onse anatembenukira kwa ine. Ndinawauza kuti achisiye, bambo avala kale.